Mbiri ya malemu Alick Nkhata, woyimba wa pa wailesi ya Lusaka

Tsiku ndi tsiku anthu ambiri a mumzinda wa Lusaka amatchula dzina la Alick Nkhata. Amalitchula akamakwera minibasi zopita ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, akamalondolera mlendo njira, kapena akamalemba keyala ya likulu la wailesi ya ZNBC, pakuti msewu umene umachoka ku Longacres n'kudutsa pa Mass Media Complex umadziwika ndi dzina limeneli. Koma achinyamata ambiri amene amayenda mumsewuwu sanamvepo mawu a mwini dzinalo.

Malemu Alick Nkhata anali woyimba, wopeka nyimbo ndiponso muulutsi wa pa wailesi. Anabadwa m'chaka cha 1922 ndipo anaphedwa m'chaka cha 1978 ku Mkushi, pa nthawi imene asilikali a dziko la Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu a ku Zimbabwe m'dziko la Zambia. Kwa zaka zoposa 20 mawu awo ankamveka m'makomboni a Lusaka, m'matauni a ku migodi ndiponso m'midzi ya maiko atatu amene lero ndi Zambia, Malawi ndi Zimbabwe.

Masiku ano okonda nyimbo zakale za jazi ndi za magulu akuluakulu a malipenga amazifunafuna pa mawailesi a m'madera, amene ena mwa iwo amamveka pa intaneti kudzera pa foni. Kawirikawiri ofunafunawo amayamba ndi maina a oyimba a ku America. Komatu mzinda wa Lusaka unali ndi gulu lakelake la pa wailesi, limene linatenga kayimbidwe kachilendoko n'kukaphatikiza ndi nyimbo za kumudzi. Mbiri ya gulu limenelo ndi mbiri ya a Nkhata.

Ubwana ndi nkhondo

A Nkhata anabadwira ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Bambo awo anali Mtonga ndipo mayi awo anali Mbemba, motero anakula akumva zilankhulo ndi nyimbo za mitundu yosiyana. Chibemba ndicho chinadzakhala chilankhulo cha nyimbo zawo zambiri, koma anayimbanso m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina za m'dzikoli.

Atakula anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, imene inali imodzi mwa ntchito zochepa zimene munthu wakuda wophunzira akanatha kuzipeza mu ulamuliro wa atsamunda. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inayamba mu 1939 n'kutha mu 1945, inasintha njira ya moyo wawo. Dziko la Britain linalemba usilikali anyamata ambiri a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, ndipo ena mwa iwo anatumizidwa ku Burma, dziko limene lero limatchedwa Myanmar, kukamenyana ndi asilikali a ku Japan. A Nkhata anali mmodzi wa anyamata amene anafika kumeneko.

Zaka za nkhondozo ndizo zinali zaka zimene magulu akuluakulu a jazi anatchuka kwambiri pa dziko lonse. Gulu lotere linkakhala ndi oyimba oposa khumi, ogawidwa m'zigawo. Ena ankaliza malipenga, ena masakisofoni, ndipo kumbuyo kwawo kunkakhala piyano, ng'oma, gitala ndi besi zosunga kugunda kwa nyimbo. Nyimbo zinkalembedwa papepala kuti chigawo china chiziyitana, china chizivomera. Maina ngati Duke Ellington, Count Basie, Benny Goodman ndi Glenn Miller ankamveka pa mawailesi ndi pa magalamafoni a m'misasa ya asilikali. Anyamata a mu Africa amene anabwerako ku nkhondo anabwera atamva nyimbo zimene makolo awo kumudzi anali asanazimvepo, ndipo ena anabwera ndi magitala.

Ulendo ndi a Hugh Tracey

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira ntchito ndi a Hugh Tracey, Mngelezi amene anathera moyo wake akujambula nyimbo za makolo kum'mwera, pakati ndi kum'mawa kwa Africa. A Tracey ankayenda ndi galimoto zonyamula makina ojambulira mawu, nkumaima m'midzi, m'misika ndi m'makomboni a ku migodi. Mu 1954 iwo anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, imene lero ili pa yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Makhanda ku South Africa.

Pa ntchito imeneyi a Nkhata anaphunzira luso lojambula mawu: kusankha malo opanda phokoso, kudziwa poika maikolofoni kuti ng'oma isamize mawu a oyimba, ndi kulemba dzina la woyimba, mudzi wake ndi tanthauzo la nyimbo. Anaonanso ndi maso awo kuchuluka kwa chuma cha nyimbo chimene chinali m'midzi, monga nyimbo za pamtondo, za pamaliro, za alenje ndi za kalimba.

A Tracey ankadera nkhawa kuti nyimbo za m'tauni, zotsanzira za Azungu, zidzapha nyimbo za makolo. A Nkhata, amene anali mwana wa kumudzi komanso msilikali woona maiko, anayenda njira ya pakati. Sanataye gitala chifukwa choti n'chida chachilendo, ndipo sanataye nyimbo ya kumudzi chifukwa choti ndi yakale. Ntchito ya moyo wawo wonse inakhala yokumanitsa ziwirizi.

Wailesi ya Lusaka ndi wailesi ya poto

Kuulutsa mawu mumzinda wa Lusaka kunayamba mu 1941, pamene boma la atsamunda linatsegula kanyumba ka mphepo kakang'ono kuti lizifalitsa nkhani za nkhondo kwa mabanja a asilikali. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani m'bomalo, a Harry Franklin, anaganiza zokuza wailesiyo kuti izitumikira anthu akuda a maiko onse atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Wailesiyo inadziwika ndi dzina loti Central African Broadcasting Station, ndipo inkaulutsa m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chingerezi.

Vuto linali lakuti anthu ofunika kumverawo analibe mawailesi. Mawailesi a nthawiyo anali okwera mtengo ndipo ambiri ankafuna magetsi, pamene m'makomboni ndi m'midzi munalibe magetsi. A Franklin anakambirana ndi makampani a ku Britain mpaka kampani ya Ever Ready inavomera kupanga wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Wailesiyo inafika pa msika mu 1949. Inali yozungulira, yopangidwa ndi chitsulo chopepuka chonga cha poto wophikira, ndipo n'chifukwa chake inatchedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake linali masheleni 25. Ndalamazo sizinali zochepa kwa munthu wogwira ntchito ya m'nyumba kapena ya pa njanji, komabe kalaliki, mphunzitsi kapena wa ku migodi akasunga kwa miyezi ingapo ankatha kuigula. Nyumba imodzi ikakhala ndi wailesi, madzulo anansi ankasonkhana pakhomo pamenepo.

A Nkhata analowa ntchito pa wailesiyi cha m'ma 1950, nthawi imene wailesi ya poto inali itangoyamba kufala. Ankaulutsa mawu, kumasulira nkhani ndi kuyang'anira ntchito yojambula nyimbo. Anagwira ntchito ndi a Michael Kittermaster, amene ankatsogolera nyumba ya mphepoyo, ndi a Peter Fraenkel, amene banja lawo linathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany. A Fraenkel anadzalemba buku lotchedwa Wayaleshi, limene linatuluka mu 1959 ndipo limafotokoza za moyo wa pa wailesiyo m'zaka zimenezo.

Pulogalamu imene inkakondedwa kwambiri inali ya Zimene Mwatifunsa. Omvera ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale amene anali kutali, ku migodi, ku Salisbury, ku Bulawayo kapena kumudzi. Makalatawo ankasonyeza aulutsi zimene anthu ankafunadi kumva. Pakati pa oyimba akunja amene ankapemphedwa kawirikawiri panali Jimmie Rodgers wa ku America, woyimba ndi gitala amene anamwalira mu 1933. Ogwira ntchito pa wailesiyo ankapitanso m'maboma ndi galimoto kukajambula oyimba a m'midzi, ndipo m'kupita kwa zaka nyumba ya mphepo ya Lusaka inasonkhanitsa nyimbo zambirimbiri za makolo.

Lusaka wa zaka za m'ma 1950

Mzinda wa Lusaka unakhala likulu la dziko mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Atsamunda anaukonza ngati mzinda wa Azungu, ndipo anthu akuda ankaonedwa ngati alendo obwera kudzagwira ntchito, oyenera kuyenda ndi chitupa. Ena ankakhala m'nyumba za khonsolo ku Kabwata, ku Chilenje ndi ku Matero. Ena ankadzimangira okha pa malo a mafamu a m'mphepete mwa mzinda, monga ku Kalingalinga ndi ku Kanyama. Anthu ambiri anachokera kum'mawa kwa dziko ndi ku Nyasaland, ndipo Chinyanja chinasanduka chilankhulo cha pamsika ndi cha mumsewu.

Anthu amenewa anali pakati pa miyoyo iwiri. Anali ndi makolo kumudzi oyembekeza thandizo, komanso anali ndi lendi, msonkho ndi zokopa za m'tauni. Loweruka madzulo anyamata ovala masuti ndi atsikana ovala madiresi ankapita ku maholo kukavina awiriawiri, ndipo ena ankacheza m'nyumba za mowa za khonsolo.

Nyimbo zinkafika kuchokera mbali zonse. Kuchokera ku Johannesburg kunkabwera mbale za galamafoni za gulu la Manhattan Brothers, limene linkayimba mogwirizanitsa mawu ngati magulu a anthu akuda a ku America. Kuchokera ku Bulawayo kunabwera Dorothy Masuka ndiponso nyimbo ya Skokiaan ya August Musarurwa, woliza sakisofoni, imene inatchuka mpaka Louis Armstrong anaijambulanso ku America mu 1954. Armstrong mwiniyo anadzafika m'chigawo chino cha Africa mu 1960 ndipo anakumana ndi Musarurwa. Kuchokera kumpoto, ku Congo, kunkabwera rumba ndi kalizidwe ka gitala ka Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga. Munthu wa ku Matero wokhala ndi wailesi ya poto ankatha kumva zonsezi, koma zambiri sizinali m'chilankhulo chake ndipo sizinkanena za moyo wake.

Nyimbo za a Nkhata

Mpata umenewu ndi umene a Nkhata anautseka. Anakhazikitsa gulu la oyimba anayi limene linkadziwika ndi dzina lawo, ndipo linkayimba pa wailesi ndi m'maholo. Kayimbidwe kake kanali kofatsa. Mawu a amuna ankagwirizana bwino, wina pamwamba wina pansi, ndipo gitala inkayenda pang'onopang'ono motsatira kalizidwe ka oyimba a kumidzi ya ku America ndi kugunda kwa nyimbo zovinira za m'maholo. Pa nyimbo zina ankawonjezera piyano ndi zida zina. Mawu a a Nkhata enieniwo anali osalala ndi omveka bwino, oyenerera maikolofoni, moti womvera ankamva liwu lililonse ngakhale pa wailesi yokhala ndi phokoso la mphepo.

Nyimbo zina ankazipeka okha. Zina ankazitenga kumudzi, pakati pa zimene zinkajambulidwa pa maulendo aja, n'kuzikonza kuti ziyimbidwe ndi zida zatsopano. Nyimbo ya Kalindawalo Ni Mfumu, mwachitsanzo, imatchula mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke. Ya Imbote inatenga dzina lake ku mowa wa uchi. Ya Shalapo, imene ambiri amaidziwa koposa zonse, dzina lake ndi mawu a Chibemba otsanzikira munthu wotsala. Panalinso Taxi Driver, Maggie ndi Nafwaya Fwaya.

Nkhani za m'nyimbozi zinali za anthu a m'makomboni: chikondi, kusiyana kwa okondana, mowa, ndalama, mabanja ogwedezeka ndi moyo wa m'tauni, ndi makhalidwe atsopano amene akuluakulu ankawadandaula. A Nkhata ankalangiza moseka, monga mmene nyimbo za pamtondo zimadzudzulira munthu popanda kumutchula dzina. Apa ndi pamene panagona mphamvu yawo. Chovala cha nyimbo chinali chachilendo, koma ntchito ya nyimboyo inali yomwe ija ya kumudzi, yophunzitsa, yotonthoza ndi yoseketsa.

Chinanso chimene anachita n'chakuti nyimbo ya mtundu umodzi anaifikitsa kwa mitundu ina. Wailesi isanabwere, nyimbo ya Ansenga inkathera ku Petauke ndipo ya Abemba inkathera kumpoto. Kudzera mwa a Nkhata ndi anzawo, Mlozi wa ku Mongu ndi Mngoni wa ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anayamba kung'ung'udza nyimbo imodzimodzi. Zimenezi zinachitika dziko la Zambia lisanabadwe.

Zaka za chitaganya

Ntchito ya pa wailesi inali ndi minga yake. Nyumba ya mphepoyo inali ya boma la atsamunda, ndipo boma linkaigwiritsa ntchito pofalitsa mfundo zake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Azungu anakonza zophatikiza maiko atatu aja kukhala chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu akuda a ku Northern Rhodesia, motsogozedwa ndi chipani cha African National Congress cha a Harry Mwaanga Nkumbula, anakana chitaganyacho poopa kuti ulamuliro wa Azungu a ku Salisbury udzawalanda dziko. Ngakhale anakana, chitaganya chinakhazikitsidwa mu 1953.

M'nyengo imeneyo mantha anabala mphekesera. Kunamveka zoti shuga wa m'masitolo wathiridwa mankhwala oletsa kubereka. Kunamvekanso za banyama, anthu amene ankanenedwa kuti amagwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, ofanana ndi amene ku Malawi amatchedwa anamapopa. Munthu wakuda aliyense wooneka kuti ali pafupi ndi boma ankatha kulozedwa chala, ndipo aulutsi a pa wailesi, amene ankawerenga nkhani za boma m'zilankhulo za anthu, anakayikiridwa ndi kuopsezedwa. Buku la a Fraenkel limafotokoza za masiku ovutawo. A Nkhata, amene anali mmodzi wa anthu odziwika kwambiri pa nyumba ya mphepoyo, anagwira ntchito pakati pa mantha amenewa. Anali wantchito wa boma limene anthu awo ankalikana, komanso anali woyimba amene anthu omwewo ankamukonda.

Pamene nkhondo ya ndale inakula, a Nkhata anaima ndi omenyera ufulu. Luso lawo analipereka ku chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda, ndipo anayimba nyimbo zolimbikitsa ufulu ndi umodzi. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira.

Lusaka Radio Band ndi Big Gold Six

Gulu la a Nkhata linakula kuchoka pa oyimba anayi n'kukhala Lusaka Radio Band, gulu la pa nyumba ya mphepo limene pambuyo pake linatchedwa Big Gold Six. Silinali lalikulu ngati magulu a Ellington kapena Basie, koma linkagwira ntchito yofanana ndi imene magulu a pa wailesi ankagwira m'maiko ena. Linkayimba nyimbo zovinira, linkaperekeza oyimba, ndipo linkatenga nyimbo za m'midzi n'kuzikonza kuti gulu la zida zamakono lizitha kuziyimba. Mmodzi wa oyimba ake odziwika anali Bestin Mwanza, woliza gitala mwa kalizidwe ka jazi.

Ufulu utabwera, a Nkhata anakwezedwa pa ntchito. Anakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa wailesi ya dziko, imene kuyambira mu 1966 inkatchedwa Zambia Broadcasting Services, ndipo anatsogoleranso nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Dzina loti ZNBC linadza pambuyo pake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, iwo atamwalira kale.

Omvera awo nawonso anachuluka. Malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni atachotsedwa, chiwerengero cha anthu a mu Lusaka chinawirikiza kawiri pakati pa 1963 ndi 1969. Makomboni a George, Chawama ndi Kanyama anakula mofulumira, ndipo Mtendere inatsegulidwa mu 1967. Wailesi ya poto inalowedwa m'malo ndi mawailesi ang'onoang'ono a mabatire a tochi, amene munthu ankatha kuwanyamula popita kumunda kapena kumsika.

Makutu a achinyamata anayamba kutembenukira kwina. Rumba ya ku Congo inadzaza malo achisangalalo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunabuka Zamrock ya magulu ngati WITCH, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Pakati pa zaka zomwezo a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi ya dziko zikhale za ku Zambia. Kenaka kunadza kalindula wa oyimba ngati P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Nyimbo zimenezi zinali zaphokoso ndi zothamanga kuposa za a Nkhata, koma njira yake inali yomwe iwo anailambula: kutenga chida chachilendo n'kuchiyimbitsa nyimbo ya kwathu, m'chilankhulo cha kwathu, yonena za moyo wa anthu wamba.

Imfa ku Mkushi

Mu 1974 a Nkhata anapuma pa ntchito ya boma n'kukakhala pa famu yawo ku Mkushi, m'chigawo cha pakati. Koma dziko silinali pa mtendere weniweni. Kuyambira pa 11 November 1965, pamene a Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku Britain pansi pa ulamuliro wa Azungu ochepa, dziko la Zambia linasunga othawa kwawo ndi omenyera ufulu a ku Zimbabwe. Chipani cha ZAPU cha a Joshua Nkomo ndi asilikali ake a ZIPRA anali ndi misasa m'madera angapo, ndipo umodzi unali ku Mkushi.

Pa 3 September 1978 asilikali a ZIPRA anagwetsa ndege yonyamula anthu ya kampani ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba. Boma la a Smith linabwezera. Pa 19 October 1978 ndege zankhondo ndi mahelikopita a Rhodesia analowa m'dziko la Zambia. Anaphulitsa msasa wa Chikumbi, umene unkatchedwanso Freedom Camp, kumpoto pang'ono kwa Lusaka, ndipo tsiku lomwelo anaukira msasa wa ku Mkushi, mmene munali atsikana ndi amayi ambiri a ZAPU. Anthu mazanamazana anafa pa ziwembu zimenezi.

Famu ya a Nkhata inali m'dera lomwelo. Iwo sanali msilikali pa nkhondoyo, koma anapezeka pakati pa kuwomberana ndipo anaphedwa. Anali ndi zaka pafupifupi 56. Imfa yawo inadza kutatsala masiku asanu kuti dziko la Zambia likondwerere zaka 14 za ufulu. Munthu amene mawu ake ankasangalatsa omvera a ku Salisbury ndi ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1950 anafa pa nkhondo ya ufulu wa dziko lomwelo, ndipo sanaone tsiku la 18 April 1980 pamene Zimbabwe inadzilamulira.

Kumene nyimbozi zimapezeka lero

Nyimbo zambiri za a Nkhata zinajambulidwa pa mbale zakale za galamafoni zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndi pa matepi a nyumba ya mphepo. Mbale zoterezi zimasweka msanga zikagwa, ndipo mbali imodzi imangonyamula nyimbo ya mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono. Matepi nawonso amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi ngati sanakoperedwe pa makina atsopano. Nyimbo imene inatsala pa mbale imodzi yokha ikhoza kutayika mpaka kalekale mbaleyo ikasweka. N'chifukwa chake ntchito yosunga ndi kukopera zojambulidwa zakale za pa wailesi ya Lusaka ili yofunika kwa dziko lonse.

Zina mwa nyimbozi zinapulumuka. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo za a Nkhata pa chimbale chotchedwa Shalapo and Other Love Songs. M'zaka zaposachedwapa kampani ya Mississippi Records ya ku America inatulutsanso chimbale china chotchedwa Radio Lusaka. Nkhokwe ya a Tracey ku Makhanda yasamutsira pa makompyuta nyimbo zambiri zimene zinajambulidwa ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland m'zaka zimenezo. Munthu wolemba dzina la Alick Nkhata kapena la Big Gold Six pa YouTube amapeza zina mwa nyimbo zawo.

Wailesi nayo yasintha. M'masiku a a Nkhata dziko lonse linkamvera nyumba ya mphepo imodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, boma litalola kuti anthu ndi mipingo atsegule mawailesi awo, kunabadwa Radio Phoenix, Yatsani Radio ndi Komboni Radio mu Lusaka, Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, Radio Chikaya ku Lundazi, ndi ena ambiri, kuphatikizapo wailesi ya anthu a ku Mkushi komweko. Mawailesi amene amaulutsanso pa intaneti amamveka ngakhale kwa mwana wa ku Chawama amene ali ku Johannesburg kapena ku London.

Pa mawailesi oterewa nyimbo imalira ngati ilipo m'nkhokwe ya wailesiyo ndiponso ngati pali womvera woipempha. Agogo a ku Matero ndi ku Kanyama amene anavina nyimbo za a Nkhata ali achinyamata akucheperachepera, ndipo ndiwo amadziwa maina a nyimbozo ndi nthawi imene zinkayimbidwa. Mabanja ena akusungabe mbale za galamafoni m'masutikesi osadziwa kuti mwina palibenso ina yofanana nazo. Mwambo wopempha nyimbo, umene unayamba ndi makalata a Zimene Mwatifunsa, ukadalipo, kungoti lero pempho limapita pa foni. Womvera amene akufuna jazi yakale ali ndi ufulu wopempha Ellington kapena Armstrong, ndipo ali ndi ufulu womwewo wopempha Shalapo, nyimbo ya munthu amene dzina lake lili pa msewu wa ku Kalingalinga.